Gwape wanga woyamba ku Wisconsin, ndinagawa nyama zotsatira zisanatuluke

Gwape ameneyo anali wonenepa. Ndiyambe ndi zimenezo chifukwa aliyense amene ndamufotokozera nkhaniyi funso lake loyamba limakhala loti, nanga simunaone kuti ikudwala? Ayi sindinaone, ndipo olo akanakhala ndani sakanaona kanthu. Ubweya see, khosi ngati la ng'ombe ya pangolo, nyanga za nsonga 8, anatulukira m'tchire mphuno ili pansi akutsata fungo la yaikazi, mphamvu zake zonse zili momwemo. Patapita masiku 11 ndinalandira imelo yoti amupeza ndi matenda a CWD (chronic wasting disease, matenda owononga ubongo wa agwape n'kuwawondetsa mpaka kufa), apo n'kuti nyama yambiri ili kale m'mimba mwa anthu, ena ana, wina mayi wachikulire amene anangobwera kuchokera kumudzi kudzalera mdzukulu.

Ndimakhala ku Madison, m'chigawo cha Wisconsin ku America, ndinakwatira konkuno. Kwathu ndi ku Dedza ndipo kusaka sindinakuyambire kuno ayi, tili ana tinkapita ku uzimba ndi agalu ndi zibonga, akalulu, nthawi zina gwape akalakwitsa njira, osanena za mbewa. Nyama imene kuno amati deer ndizingoitchula gwape ngakhale kukula kwake imaposa mbawala, ndipo pali ina yaikulu kwambiri yotchedwa elk, imeneyo muziganiza za ngoma kapena kuposa apo. Apongozi anga aamuna ali ndi malo ku Iowa County, kumadzulo kwa Madison, munda wa chimanga kumunsi nkhalango kumtunda, ndipo kwa iwo sabata yosaka ndi mfuti ili ngati Khirisimasi. Imayamba Loweruka la sabata yoti Thanksgiving, tchuthi chachikulu cha kuno chothokoza, ikubwera Lachinayi lake, imatha masiku 9, ndipo anthu opitirira theka la miliyoni amagula laisensi, tchire lonse limangooneka zovala za olenji. Zaka zingapo ndinkakana, kuzizira kwa November kuno si kwamasewera, koma mkamwini sakana mpaka kalekale.

Ndinachita maphunziro a alenje amene boma limafuna kwa aliyense wobadwa kuyambira 1973, ndipo ndisaname, nkhani ya CWD anaitchula. Inalowera khutu ili n'kutulukira linali. M'mutu mwanga ndinaiika gulu limodzi ndi chitopa. Inu mukudziwa mmene timachitira kwathu nkhuku ikayamba kuwodzera, timaithamangira ndi mpeni isanafe yokha, mumphika, tomato, basi nkhani yatha ndipo palibe amene anafapo. Ndinakula ndikudziwa kuti moto umapha chilichonse. Ndiye azungu akamalankhula za matenda a gwape ndinkangoti aaa awa amaopa olo mthunzi wawo.

Tsiku loyamba lomwelo cha m'ma 7 koloko m'mawa ndili pa kansanja ka mumtengo, zala zitauma, ndi pamene anatulukira. Chipolopolo chimodzi, anathamanga pang'ono n'kugwa. Apongozi anabwera akusekerera, anandigwira paphewa, kenako anatulutsa magolovesi m'thumba aja ofika m'chigongono. Ndinaseka. Mbuzi zingati ndasenda ndi manja anga awa? Anati valani basi. Ndinavala chifukwa cha ulemu osati chifukwa ndinamva. Titatumbula tinalembetsa nyamayo pa foni mmene lamulo limanenera, kenako anati tipite nayo akayeze. Bungwe loona zachilengedwe kuno, DNR, limayeza ulele, malo ena mumangosiya mutu uli ndi kachigawo ka khosi mu bokosi lozizira n'kulemba pepala nokha, malo ena pamakhala munthu amene amacheka pansi pa chibwano n'kuchotsa timabere tiwiri, tija timatupa munthu akakhala ndi chilonda, mutu n'kukubwezerani. Ine nditamva zosiya mutu ndinakaniratu. Mutu ndi ndiwo, kusiya mutu ndiye kuti ndasakira chani? Tinapita kwa wochotsa timabere uja, anandipatsa kanambala.

Pondikweza galimoto apongozi ananena mawu awa momveka bwino, sindingawanamizire: musadye, musagawe, dikirani zotsatira, zimatenga sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo pochotsa nyama musadule fupa. Ndinati chabwino bambo. Dane County kumene ndimakhala ndi yoyandikana ndi Iowa County ndiye lamulo linkandilola kupita nayo yathunthu kunyumba, ndinaipachika mu galaja.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse abale anga, chifukwa vuto langa silinali mfuti kapena tchire, linali chikwanje. Alenje a kuno akamakonza gwape amachita kusenga mnofu kuuchotsa ku mafupa ndi kampeni kakang'ono, chigoba chonse, msana, nthiti, mutu, chimatsala chathunthu n'kukataya. Ine zimenezo ndinkaziona ngati kusakaza, anthu osadziwa kudya. Ife nyama timaidula ndi mafupa ake omwe, pa chitsa, kho kho kho, kuti msuzi ukome ndiponso pakhale chopwepweta pomaliza. Ndiye Lamlungu madzulo ndinatenga chikwanje chimene ndinachita kubwera nacho kuchokera kumudzi, ndinawaza msana wonse kuyambira kukhosi mpaka kumchira tizidutswa tizidutswa, timafuta toyera ta mkati mwa fupa la msana tija tikumwazika pa thabwa, pa nyama ina, pa chikwanje, paliponse. Mutu ndinauwaula kuseri kwa nyumba ngati wa mbuzi, n'kuuswa pakati. Chiwindi, mtima, kapamba ndinali nditabwera nazo mu pepala la pulasitiki, apongozi akuyang'ana kumbali. Mayi a kunyumba anatuluka kawiri kudzandikumbutsa zimene bambo awo ananena, ndinati ndikungokonza, kudya tidikira. Bodza, mumtima ndinali nditawerengera kale kuti Thanksgiving ndi Lachinayi.

Nanga munthu wapha nyama yako yoyamba ku America, anzako achimalawi ndi a ku Zambia akubwera kunyumba kwako, ena achokera ku Milwaukee, ena ku Chicago, banja lina mpaka ku South Bend, Indiana, iwe n'kumawapatsa nkhukutembo youma ija, gwape ali mu filiza? Zingamveke? Ndinaika chithunzi pa gulu lathu la WhatsApp Loweruka lomwe lija ndiye aliyense ankabwera akudziwa. Tinaphika. Kanyenya panja, nyama ya mafupa mumphika waukulu, nsima ya ufa woyera, mutu ndinauphika padera usiku wonse mpaka kufewa ndipo amene anaukonda kwambiri ndi amayi aja obwera kudzalera mdzukulu, anati chibwerereni kuno lero ndiye ndadya. Ubongo tinagawana ine ndi achimwene ena awiri, tikuseka kuti tiwonjezere nzeru. Mayi a kunyumba ndi mwana wathu sanakhudze, ndipo usiku umenewo tinagona chopatsana misana. Pobalalika aliyense ndinamumangira kaphukusi, monga timachitira, nyama sadya yekha.

Imelo inabwera Lachitatu la sabata yotsatira ndili kuntchito. Ndinaiwerenga katatu. Inati nyama yanu yapezeka ndi CWD, a zaumoyo akulangiza kuti musadye. Ndinakakhala m'galimoto nthawi ya nkhomaliro n'kuyamba kuwerenga pa foni zimene ndinayenera kuwerenga mwezi wathunthu m'mbuyomo, ndipo chinthu choyamba chimene chinandiziziritsa nkhongono ndi chakuti matendawa alibe kachilombo. Si vairasi, si bakiteriya, si nyongolotsi. Ndi puloteni imene thupi la nyama limapanga lokha, koma yapindika molakwika, ndiye ikakhudza inzake yabwino nayonso imapindika, zimangopatsirana choncho mpaka ubongo kuchita tizibowo ngati siponji. Amaitcha prion, dzinali anapereka ndi Stanley Prusiner mu 1982 ndipo anadzalandira nalo mphoto ya Nobel mu 1997. Poti si chamoyo, simungachiphe. Kuwiritsa usiku wonse ngati mutu wanga uja sikuchita kanthu, kuotcha, kufutsa, kuika mu filiza, mchere, tsabola, palibe. Kuti chitheretu pamafunika ng'anjo zotentha cha m'ma digiri 1,000 Celsius. Moto wanga wopha chilichonse uja unathera pamenepo.

Kenako ndinaona mndandanda wa ziwalo zimene prion imadzadza kwambiri ndipo zinali ngati munthu wina anaima mu galaja mwanga n'kumalemba zimene ndikuchita. Ubongo. Mtsempha wa mkati mwa fupa la msana. Maso. Kapamba. Timabere ta m'khosi ndi m'malo ena. Ndiye kuti chilichonse chimene mlenje wachizungu amataya osaganizanso kawiri, ine ndinachiphika mwaluso, ndipo chikwanje chija chinapaka za mumsana pa nyama yonse. Mu mnofu weniweni imapezekamonso, n'chifukwa chake nyama ikapezeka nayo amati tayani yonse, koma ine ndinachita kusankha penipeni.

Zoti gwape anali wonenepa sizitanthauza kanthu. Nyama ikatenga matendawa imatha chaka ndi theka, zaka ziwiri, ikuoneka bwinobwino, ikudya, ikubereka, koma ikumwaza prion m'malovu, mkodzo ndi ndowe. Zizindikiro zimabwera kumapeto kwenikweni, kuwonda mpaka nthiti kuwerengeka, dovu chuchuchu, makutu kugwa, mutu kuzolika, kumwa madzi ndi kukodza pafupipafupi, kuyenda mozungulira, kusaopa anthu. Ikafika pamenepo sichedwa, ndipo zambiri sizifika n'komwe, zimagundidwa ndi galimoto kapena kugwidwa ndi zilombo kapena kuwomberedwa ndi anthu ngati ine poti tcheru lachepa. Palibe imene imachira, mankhwala kulibe, katemera kulibe. Chikomekome cha mkuyu chenicheni. Komanso mphongo zikuluzikulu, zomwe aliyense amazifuna chifukwa cha nyanga, ndi zimene zimapezeka nayo kwambiri poti zimayenda mtunda wautali, kumenyana, kununkhiza ndi kunyambita paliponse nthawi yokwerana. M'madera ena a Iowa County momwemo, pa mphongo zazikulu pafupifupi theka zimapezeka nayo. Ndiye kuti ine ndinaponya ndalama m'mwamba, mutu kapena mchira, n'kuitana anthu 20 kuti adzadye.

Apongozi nditawaimbira sanakalipe, bola akanakalipa. Anangoti mwadyako? Ndinati eya. Ndi ndani? Nditawerenga anakhala chete kanthawi, kenako anayamba kundiuza za 2002. Mu February chaka chimenecho boma linalengeza kuti agwape atatu amene anaphedwa November wa 2001 pafupi ndi Mount Horeb, mtunda wosakwana ola kuchokera pa malo awo, apezeka ndi CWD, koyamba kum'mawa kwa mtsinje wa Mississippi mu nyama zakutchire. Anati anthu anachita mantha, ena anasiya kusaka, boma linayesa kupha agwape onse m'dera limenelo koma eni minda ambiri anakana ndipo zinakanika, matenda anangopitirira kufalikira. Iwo kuyambira nthawi imeneyo nyama iliyonse amayezetsa, ndipo ataya kale zingapo. Sanandiuzepo zimenezi kale, kapena anandiuza ine ndikuganiza za msuzi.

Chiyambi chake ndi ku Colorado. Mu 1967 pa malo ena ofufuzira nyama ku Fort Collins anaona agwape osungidwa mu mpanda akuwonda n'kumafa osadziwika chifukwa, anthu ankaganiza kuti ndi zakudya. Anadzazindikira mu 1978 ndi mayi wina dokotala wa ziweto, Elizabeth Williams, ataona ubongo wake pa makina kuti uli ndi tizibowo ngati wa nkhosa zodwala scrapie, matenda enanso a prion. Mu 1981 anaipeza mu elk yakutchire. Lero ili m'zigawo zopitirira 30 za America, ku Canada ili ku Saskatchewan, Alberta ndi kwina, inafika ku South Korea kudzera mu elk zoweta zogulidwa ku Canada, ndipo mu 2016 inatulukira ku Norway mu reindeer, mtundu wina wa gwape wa kumaiko ozizira, zakutchire za ku Nordfjella. A ku Norway sanachedwe, anapha gulu lonse la m'dera limenelo, nyama zopitirira 2,000, n'kusiya malowo opanda reindeer kwa zaka. Chifukwa chosiyira malo ndi chakuti prion imakhala m'dothi zaka zambiri, imamatirira makamaka ku dongo, ndiye nyama yodwala itafa kalekale ina ikadzanyambita pomwepo itha kutenga.

Funso limene ndinkafuna ndi limodzi basi, kodi anthu amatenga? Yankho lake ndi ili, mpaka pano palibe munthu olo mmodzi amene zatsimikizika kuti anadwala chifukwa cha CWD, ndipo anthu akhala akudya agwape a m'madera amenewa zaka zambirimbiri, ambiri osayezetsa. Mu 2005 ku Oneida County, New York, nyama ya gwape wodwala inadyedwa pa phwando la alenje ndi anthu ambirimbiri zotsatira zisanadziwike, ofufuza anawatsatira ena mwa iwo kwa zaka ndipo sanapeze vuto. Zimenezo zinandikhazikako mtima pansi. Koma a CDC, bungwe la boma la America loona za matenda, amanenabe kuti yezetsani ndipo ikapezeka nayo musadye, ndipo chifukwa chake amene muli ku UK mukuchidziwa bwino. Matenda a misala ya ng'ombe nawonso ndi a prion, anadziwika mu 1986, kwa zaka 10 anthu ankauzidwa kuti nyama ili bwino idyani, mpaka mu 1996 boma la Britain linavomera kuti akulowa mwa anthu, ndipo anthu 178 anamwalira nawo m'dzikomo, ambiri achinyamata. Pa CWD ayesapo pa anyani, kafukufuku wa ku Canada ananena kuti ena anatenga atadyetsedwa nyama, wa ku Montana sanapeze choncho. Ndiye chitseko n'chotseka koma palibe akulumbira kuti n'chokhoma, ndipo matenda a mtundu umenewu mwa munthu amatha kubisala zaka zambiri. Dokotala wanga anandiuza zofanana, anati palibe mankhwala oti ndikupatseni, palibe magazi oti tiyeze, ndingolemba mu faelo yanu kuti munadya tsiku lakuti, ndipo musadyenso.

Kuimba mafoni ndiye kunali kowawa kuposa zonse. Ndinayamba ndi achimwene awiri a ubongo aja. Wina anaseka, anati amwene ife tinadya ng'ombe zofa zokha kumudzi tili pompano, nyama yanga yatsalayo musaiyandikire. Ndinachita kupita kwawo ku Milwaukee Loweruka kukailanda, tinakangana pakhomo ngati ndikumulanda mkazi kkkk. Winayo sanaseke, mkazi wake anali woyembekezera ndipo anadya nawo kanyenya, anandifunsa funso limodzi, munadziwa kuti munayezetsa ndipo zotsatira zinali zisanabwere? Ndinati eya. Anadula foni. Tinakhala miyezi ingapo osalankhulana ndipo sindimuimba mlandu, iye sanasankhe kuponya ndalama ija, ndinamusankhira ndine osamuuza. Nkhani yonse kwa ine yagona pamenepo. Munthu ukadziwa n'kudya wekha ndi zako, alenje ena kuno amadya ndithu akudziwa ndipo ndi ufulu wawo, koma kugawa ndi nkhani ina.

Amayi aja ndinapita ndekha kukawauza pamaso, zoterezi sizapafoni. Ndinakhala pansi, ndinafotokoza mwapang'onopang'ono, mwana wawo akuthandizira. Anamvetsera mpaka kumapeto ndiye anati, ndiye mwati imeneyi ikagwira munthu imatenga zaka zingati? Ndinati mwina 10, mwina kuposa, mwinanso osagwira n'komwe amayi. Anati aaa bambo, zaka zimenezo ndilibe kale, nkhawa yanga ndi anawa. Anatulutsa okha kaphukusi kaja mu filiza, anali atakasunga kuti adzaphike pa Khirisimasi.

A ku Chicago ndi South Bend ndinawapempha kuti amange nyamayo m'mapepala awiri n'kutaya ku zinyalala zopita kudzala la boma, osapatsa galu, osataya kutchire. Apa ndinadziwanso kuti ndinawaika pa mlandu, zigawo zambiri zimaletsa kulowetsa mutu kapena fupa la msana la gwape kuchokera kumene kuli CWD, zimalola mnofu wopanda mafupa, chikopa, ndi nyanga zotsuka bwino, pomwe maphukusi anga anali mafupa a msana okhaokha. Inenso zotsala, chikopa ndi mafupa ena, ndinali nditaponya m'katchire kuseri kwa nyumba kuti ankhandwe amalize, malo amene agwape amadutsa m'mawa uliwonse. Ndinapita ndi fosholo ndi tochi kukatola zimene ndinapeza, dothi lapamwamba lomwe, n'kukataya mu chibini chachikulu chimene amaika nthawi yosaka kuti alenje azitayamo zigoba. Zina ankhandwe anali atakoka kale, zimenezo zimandivutabe.

Ziwiya. Thabwa lodulirapo ndi chitsa ndinataya, mtengo umamwa ndipo sungautsuke. Mipeni ndi chikwanje ndinayamba ndatsuka ndi sopo mpaka pasatsale kanyama olo kamodzi, chifukwa jiki salowa mkati mwa kachidutswa ka nyama, kenako n'kuviika mu jiki wosakaniza magawo 2 a jiki ndi magawo 3 a madzi kwa mphindi zosachepera 5, zimenezo ndi zimene ofufuza anapeza kuti zimagwira pa chitsulo. Chigwiriro cha chikwanje chinali chamtengo, ndinachigumula. Mphika waukulu uja mayi a kunyumba anautulutsa okha panja osalankhula, sindinafunse.

A DNR anandipatsa chilolezo china chophera gwape m'malo mwa wodwalayo, chaka chimenecho sindinachigwiritse ntchito, mtima unali utachoka. Chaka chotsatira ndinabwerera. Ena amadabwa, koma kusiya kusaka sikuthandiza agwape, alenje ndi amene amachepetsa kuchulukana ndipo mitu imene timapereka ndi imene boma limadziwira kumene matenda afika. Chimene chinasintha ndi kachitidwe. Magolovesi ndimavala osauzidwa. Ndinaphunzira kusenga mnofu kwa apongozi, ndipo ndivomere, nyama imatuluka yambiri kuposa mmene ndinkaganizira, ya pamsana ija imachoka yaitali ngati mkono. Sowo kapena chikwanje sichiyandikira msana, mutu ndimadula pomalizira penipeni ndi mpeni wake wosiyana. Timabere ndimachotsa pamodzi ndi mafuta. Gwape aliyense thumba lake, nambala yake yolembedwa pamwamba, osasakaniza, chifukwa ukagaya nyama za agwape atatu pamodzi mmodzi n'kupezeka nayo ndiye kuti wataya onse. Mukapereka kwa bucha funsani ngati amakonza nyama ya munthu aliyense payokha, ambiri popanga soseji amaphatikiza za anthu osiyanasiyana mu chigayo chimodzi, ine wina anandiyankha mozemba ndinangonyamula nyama yanga n'kubwerera. Komanso zothira chimanga kapena mchere kutchire kuti agwape azisonkhana, m'maboma amene muli matendawa n'zoletsedwa, ndipo mukaganiza za malovu a nyama 15 pa mulu umodzi mumvetsa chifukwa chake.

Chaka chatha alamu anga ananditenga ku Colorado kosaka elk. Laisensi ya mlendo kumeneko ndi yodula moti ine ndinapita ngati wonyamula katundu basi. Elk simungaikoke ngati gwape, imagwera kuphiri kutali ndi msewu ndiye mumaisenda pomwepo, kuchotsa miyendo ndi mnofu, kubereka kumsana maulendo angapo, msana n'kuusiya osaudula. Ndinaona mafupa akuluakulu aja akutsala mtima unandipweteka, msuzi wa mudzi wathunthu, koma ndinakhala chete. Mu elk matendawa sachuluka ngati mwa agwape a kumeneko, koma alimo, ndipo ndi chigawo chomwe anayambira, m'madera ena boma limachita kukakamiza kuyezetsa. Mutu tinakasiya ku ofesi ya zanyama, tinabwera ndi mnofu wokhawokha m'mabokosi a ayezi, ndipo unakhala mu filiza wosakhudzidwa mpaka yankho. Yankho lake salemba kuti nyama ilibe matenda, amalemba kuti sanawapeze. Alamu anandifotokozera kuti nyama ikangotenga kumene, prion imakhala yochepa moti makina atha kuiphonya, ndiye olo zitatuluka bwino ubongo ndi msana musadye. Zimenezo zinanditsekera nkhani ya mutu mpaka kalekale. Ndikaufuna ndimakagula wa mbuzi ku shopu ya Asomali.

Achimwene a mkazi woyembekezera aja tinagwirizananso, mwana anabadwa bwino, akuthamanga pano. Nyama ya gwape sadyanso ndipo sindiwapatsa n'komwe. Enawo saiwala kufunsa, November ikangofika foni imayamba. Pano ndikulemba mu filiza muli matumba a agwape awiri, wina yankho labwera dzana kuti sanapeze kanthu, winayo ndikudikirabe, ndipo a ku Milwaukee aja aimba kale kawiri, akuti bwanji ungondipatsa wa mayeso akudikirayo poti iwe ukumuopa. Ndawauza kuti abwere Loweruka la mawa kudzatenga thumba la nambala yoyamba, wopanda mafupa. Akuti ndiye msuzi tipanga ndi chani.